Kodi matimu a NFL amaona chiyani mwa mnyamata wa ku koleji asanamusankhe?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina amene amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Iwo akuti anayamba kukonda mpira wa ku America chifukwa cha timu ya Notre Dame, yomwe ili pakhomo pawo pomwepo. Chaka chilichonse draft ya NFL (nthawi imene matimu a ligi yaikulu ya mpira wa ku America amasankha osewera atsopano ochokera ku makoleji) ikamayandikira, anzawo kuntchito amakangana za anyamata a ku koleji, wina atanyamula manambala a liwiro, wina kanema wa pa YouTube. Chimene chimawazunguza mutu n'chakuti mnyamata amene anawala ku koleji nthawi zina amasankhidwa mochedwa, pamene wina amene sanamumvepo n'komwe amatengedwa koyambirira. Ndiye akufunsa kuti matimu amayang'ana chiyani kwenikweni, ndipo munthu wongoonera angamuyeze bwanji wosewera.

Zikomo bambo pofunsa. Tiyambe tagwirizana pa chinthu chimodzi, chifukwa zina zonse zikutsamira pamenepa. Timu ikamatchula dzina la mnyamata kumapeto kwa Epulo, sikumuthokoza pa zimene anachita ku koleji. Zothokoza zili ndi mphoto zake, monga Heisman Trophy. Timuyo ikulosera za mawa. Funso limene aliyense m'chipinda chosankhira amalimbana nalo ndi ili: pa zonse zimene mnyamatayu anachita m'masewera a ku koleji a Loweruka, ndi ziti zimene zinachokera mwa iye mwini, zoti adzapita nazo ku masewera a NFL a Lamlungu, nanga ndi ziti zimene anachitiridwa ndi nzeru za kochi, mphamvu za anzake, kapena kufooka kwa timu imene ankalimbana nayo?

Funsoli n'lovuta chifukwa mipira iwiriyi ndi yosiyana kuposa mmene imaonekera pa TV. Gulu lapamwamba la makoleji lili ndi matimu oposa 130. NFL ili ndi matimu 32 basi, ndipo pa maraundi 7 a draft amasankhidwa anyamata ongopitirira pang'ono 250. Izi zikutanthauza kuti katswiri wa ku koleji masabata ambiri amalimbana ndi anyamata amene akamaliza sukulu akagwira ntchito zina. Akafika mu NFL, aliyense amene wamuyang'ana kutsogolo kwake anali katswiri kwawo. Ngakhale bwalo lenilenilo ndi losiyana. Timizere tiwiri tapakati pomwe amaikapo mpira ku koleji n'totalikirana mafiti 40, pamene mu NFL n'totalikirana mafiti 18 ndi mainchi 6. Ku koleji mpira ukaikidwa pa kamzere kamodzi, mbali inayo pamatsala danga lalikulu kwambiri, ndipo makochi ochenjera amangoika mnyamata waliwiro kumeneko n'kumuponyera ali yekhayekha. Mu NFL danga limenelo kulibe. Komanso wowakha mpira m'mphepete mwa bwalo ku koleji amangofunika kuponda mkati ndi phazi limodzi, mu NFL mapazi onse awiri. Ndiye mayadi 1,200 a ku koleji paokha sakuuzani zambiri. Muyenera kuona kuti anawapeza bwanji.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya ma scout, anthu amene matimu amawatuma kukafufuza osewera, ndi kuonera makanema a masewera athunthu. Iwo saonera kanema wa pa TV amene amangotsatira mpira. Amaonera wojambulidwa pamwamba, woonetsa osewera onse 22 nthawi imodzi, ndi wina wojambulidwa kumbuyo kwa zigoli, ndipo sewero limodzi la masekondi asanu angalibwereze kambirimbiri.

Tiyerekeze kuti tikuonera limodzi quarterback, wosewera amene amaponyera anzake mpira. Ndi third down, ulendo wachitatu mwa maulendo anayi amene timu imapatsidwa kuti ipititse mpira patsogolo, ndipo pakufunika mayadi 8. Mpira usanachoke pansi, otchinga awiri akumbuyo aima kutali, wina uku wina uku. Mpira utangochoka, mmodzi watsikira pakati. Apa imitsani kanemayo, muone chipewa cha quarterback. Kodi mutu wake watembenuka kusonyeza kuti waona kusinthako, kapena maso ake akakamira pa receiver (wowakha mpira) amene anamusankha kale mumtima? Pitirizani pang'ono. Receiver woyambayo watsekeredwa. Kodi mapazi a quarterback asuntha limodzi ndi maso kupita kwa wachiwiri, kapena wayamba kuyang'ana pansi, kufunafuna pothawira? Kenako onani nthawi imene mpira wachoka m'dzanja. Ku koleji ambiri amadikira kuti aone mnzawo ali poyera kenako n'kuponya. Mu NFL ukadikira choncho wachedwa kale, chifukwa mpira uyenera kuchoka receiver asanakhote. Pomaliza onani pamene mpirawo wafikira. Pa pepala mipira iwiri ikhoza kulembedwa kuti yonse inawakhidwa, koma wina unafikira kutsogolo kwa mnyamata ali pa liwiro n'kupitiriza ulendo, wina unamubwezera m'mbuyo mpaka anagundidwa nthiti. Kwa ine, sewero limodzi lotere, quarterback akuponya molondola uku akuona chimunthu cha makilogalamu 130 chikubwera kudzamugwetsa, limandiuza zambiri kuposa ma touchdown (zigoli) anayi oponyera munthu amene palibe akumulondera.

Masewera oti muonere musankhe bwino. Oyamba akhale amene mnyamatayo anakumana ndi anzake opita ku NFL. Rashawn Slater wa ku Northwestern ndi chitsanzo chabwino. Anthu ankadandaula kuti manja ake, a mainchi 33, ndi aafupi kwa munthu woteteza quarterback kumapeto kwa mzere, ndipo sizoni ya 2020 sanasewere n'komwe. Koma panali kanema wa 2019 pomwe analimbana ndi Chase Young wa ku Ohio State, amene anadzasankhidwa pa nambala 2 mu 2020, ndipo Slater anamugwira bwino ndithu. Los Angeles Chargers inamutenga pa nambala 13 mu 2021, ndipo chaka choyamba chomwecho anasankhidwa ku Pro Bowl, masewera a akatswiri osankhika a mu NFL. Masewera achiwiri oti muonere ndi amene zinthu zinamuvuta kwambiri. Pamenepo mumaona ngati vuto lake ndi lophunzitsika, monga kuika manja molakwika, kapena ndi la chibadwa, monga kuuma kwa m'chiuno kumene kumalepheretsa munthu kukhota msanga.

Tsopano tibwere ku manambala amene anzanu amakangana nawo, a ku Combine (mayeso a thupi a anyamata ofuna kusankhidwa), yomwe imachitikira kufupi ndi kwanu komweko ku Indianapolis kuyambira 1987. Anyamata oposa 300 amaitanidwa kumapeto kwa Febuluwale. Amathamanga mayadi 40, amanyamula chitsulo cha mapaundi 225 (pafupifupi makilogalamu 102) kangapo mmene angathere, amadumpha m'mwamba ndi kutsogolo, amazungulira ma cone atatu. Zonsezi amachita atavala kabudula, palibe womugunda, palibe mpira wofuna kuuganizira, ndipo amakhala atazikonzekera kwa masabata ambiri kwa akatswiri a mayeso omwewo.

Manambalawa ali ndi ntchito, koma ntchito yake ndi yotsimikizira zimene mwaona kale pa kanema. Mukaona mnyamata akusiya anzake m'mbuyo sabata ndi sabata, kenako n'kuthamanga masekondi 4.35, musamuonjezere mamalikisi, chifukwa liwiro limenelo munaliwerengera kale. Nthawi yoti mudzidzimuke ndi pamene nambala ikutsutsana ndi kanema. Pamenepo mubwerere mukaonenso. Inu a ku South Bend mukumukumbukira Kyle Hamilton. Pa bwalo la Notre Dame ankachoka pakati n'kukafika m'mphepete mpira usanatere. Ku Combine ya 2022 anathamanga masekondi 4.59, nthawi yooneka yochedwa kwa safety (wotchinga wakumbuyo) amene ankamuyembekezera kukhala m'gulu la oyambirira. Anatsetsereka mpaka nambala 14, Baltimore Ravens n'kumutola, ndipo mu sizoni ya 2023 anali kale m'timu yoyamba ya All-Pro, mndandanda wa osewera opambana pa malo alionse mu ligi yonse. Liwiro lake lenileni linali m'maso: ankanyamuka msanga chifukwa ankaona msanga, ndipo chimenecho wotchi sichiyeza. Orlando Brown Jr. wa ku Oklahoma anachita zoipa kwambiri ku Combine ya 2018, masekondi 5.85 ndi kunyamula chitsulo ka 14 kokha, mpaka anagwera m'raundi yachitatu pa nambala 83. Koma pa kanema anyamata ankalephera kumuzungulira chifukwa cha kukula ndi kutalika kwa manja, ndipo zimenezo anapita nazo ku NFL, komwe anasankhidwa ku Pro Bowl kanayi motsatizana.

Mbali inayo, akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2017 John Ross anathamanga masekondi 4.22, liwiro limene panthawiyo linali lisanaonekepo ku Combine. Cincinnati Bengals inamutenga pa nambala 9 ngakhale anali ndi mbiri ya kuvulala, ndipo chaka chake choyamba sanawakhe mpira ngakhale umodzi. Amene anasankhidwa pa nambala 10, pambuyo pake penipeni, anali Patrick Mahomes.

Pamene kanema, manambala ndi mpikisano zonse zikunena chimodzimodzi, musaope ngakhale thupi litakhala losiyana ndi limene anthu anazolowera. Aaron Donald wa ku Pittsburgh ankamunena kuti ndi wamfupi ndi wopepuka kwa munthu wosewera pakati pa mzere wa otchinga. Koma mu 2013 anasesa mphoto za otchinga ku koleji, ku Senior Bowl ku Mobile, Alabama, komwe amasonkhanitsa akatswiri omaliza koleji, anavutitsa aliyense amene anaikidwa kutsogolo kwake, ndipo ku Combine anathamanga masekondi 4.68 ali ndi thupi la mapaundi 285. Matimu anamulola kufika pa nambala 13 mu 2014. Anadzakhala wotchinga wopambana mu ligi yonse katatu. Senior Bowl ndimaiona kukhala yofunika kuposa kuthamanga kwa ku Indianapolis, makamaka kwa mnyamata wochokera ku koleji yaing'ono, chifukwa kumeneko amavala zipewa n'kulimbana mmodzi ndi mmodzi kwa masiku angapo makochi a NFL akuonerera.

Chimene matimu amapitira kwenikweni ku Combine sichionetsedwa pa TV. Ndi madokotala. Mwambowu unayambika makamaka kuti matimu aziyezera pamodzi thanzi la anyamata, ndipo mpaka lero bondo lililonse, phewa lililonse ndi mtima zimaunikidwa. Mukaona mnyamata amene aliyense ankamutama akutsetsereka popanda chifukwa chooneka, kawirikawiri nkhani imakhala ili m'mafayilo a madokotala amene inu ndi ine sitiwaona. Jaylon Smith, mwana wa ku Fort Wayne amene anawala ku Notre Dame, ankayembekezeka kukhala m'gulu la oyambirira mu 2016. Pa 1 Januwale chaka chimenecho, mu Fiesta Bowl polimbana ndi Ohio State, anavulala bondo koopsa mpaka mtsempha unakhudzidwa. Dallas Cowboys inamutenga pa nambala 34, m'raundi yachiwiri, ikudziwa kuti chaka chonse choyamba sasewera. Luso lake silinasinthe pa tsiku limenelo. Chimene chinasintha ndi kukula kwa chiopsezo chimene timu inayenera kusenza.

Palinso za khalidwe, zimene ndi zovuta kuyeza kuposa zonse. Ma scout amagawana madera ndipo kuyambira Ogasiti amayenda koleji ndi koleji. Kupatula kuonera anyamata akukonzekera, amacheza ndi kochi wa zolimbitsa thupi, wosamalira ovulala, ngakhale wosunga majezi ndi zipewa, chifukwa anthu amenewa ndi amene amadziwa kuti ndani amafika m'mamawa, ndani amathawa mankhwala, ndani amalalatira ogwira ntchito makamera akachoka. Ku Combine timu imakhala ndi mnyamata mphindi zosakwana 20, imamujambulira sewero pa bolodi, kulifufuta, kukamba zina, kenako n'kumuuza kuti alijambulenso. Pambuyo pake timu iliyonse imaloledwa kuitanira anyamata 30 ku likulu lake. Chimene akufuna kudziwa kwambiri n'chakuti munthuyu akadzalephera, adzatani? Ambiri mwa anyamatawa sanalepherepo chiyambire ali ana. Mu 1998 anthu ankakangana kuti wabwino ndani pakati pa Peyton Manning wa ku Tennessee ndi Ryan Leaf wa ku Washington State. Indianapolis Colts inatenga Manning pa nambala 1, San Diego Chargers n'kutenga Leaf pa nambala 2. Onse awiri chaka choyamba chinawavuta. Manning anaponyera adani mipira 28 ndipo timu yake inapambana masewera atatu okha pa 16. Iye anabwerera m'chipinda cha makanema n'kudzuka. Leaf zinamukulira, ndipo patangopita zaka zochepa anali atachoka mu ligi. Mkono wake sunali vuto.

Pa nkhani ya ma quarterback ndili ndi maganizo amene ndimawagwiritsa mwamphamvu: werengani masewera amene mnyamata anayamba ku koleji. Munthu amene wayamba masewera 13 sanaone misampha yokwanira ya otchinga, ndipo inunso mulibe kanema wokwanira woti mumudziwe. Mitchell Trubisky anayamba masewera 13 ku North Carolina, Chicago Bears n'kumutenga pa nambala 2 mu 2017. Anthony Richardson anayambanso 13 ku Florida, mipira yake yofika kwa mnzake inali yosakwana 55 pa 100 iliyonse, koma ku Combine ya 2023 anathamanga masekondi 4.43 ali ndi mapaundi 244, ndipo Colts inamutenga pa nambala 4. Pofika Ogasiti 2025 malo oyamba anali atapatsidwa kwa Daniel Jones. Yerekezani ndi Jayden Daniels, amene anayamba masewera oposa 50 ku Arizona State ndi LSU, ndipo chaka chake choyamba mu 2024 anafikitsa Washington pa masewera olimbirana kupita ku Super Bowl, fainolo ya NFL. San Francisco 49ers inaona mbali zonse ziwiri m'nyumba imodzi. Mu 2021 inapereka ma pick (malo osankhira) atatu a raundi yoyamba kuti ikwere pa nambala 3 n'kutenga Trey Lance, amene anayamba masewera 17 ku North Dakota State. Chaka chotsatira inatenga Brock Purdy wa ku Iowa State, woyamba masewera oposa 40, pa nambala 262, yomaliza yeniyeni. Amene anaitengera ku Super Bowl mu Febuluwale 2024 anali Purdy.

Nanga n'chifukwa chiyani matimu amapitirizabe kutchova njuga pa anyamata osapsa? Chifukwa nthawi zina imawina, ndipo ikawina imasintha mzinda wonse. Josh Allen ku Wyoming mipira yake yofika inali pafupifupi 56 pa 100, ambiri ankati kuponya molondola sikuphunzitsika, koma Buffalo Bills inamutenga pa nambala 7 mu 2018, inamupirira, ndipo anadzakhala MVP, wosewera wopambana onse, wa sizoni ya 2024. Chinanso ndi ndalama. Mu 2010 Sam Bradford, wosankhidwa woyamba, anasaina kontirakiti yokhala ndi madola 50 miliyoni otsimikizika asanasewere n'kamodzi komwe. Mu 2011 malamulo anasintha, ndipo Cam Newton, woyamba wa chaka chimenecho, analandira pafupifupi madola 22 miliyoni pa zaka zinayi. Kuyambira pamenepo quarterback wabwino wachinyamata ndi wotchipa kwa zaka zinayi, ndipo timu imakhala ndi ndalama zogulira ena omuzungulira. Ichi n'chifukwa chake mu 2024 ma quarterback asanu ndi mmodzi anatengedwa m'kati mwa osankhidwa 12 oyamba. Ma quarterback, oteteza quarterback kumapeto kwa mzere, omuthamangitsa, ma receiver ndi ma cornerback (olondera ma receiver) amakwezedwa chifukwa cha malo amene amasewera. Running back (wothamanga ndi mpira), guard (woteteza quarterback m'kati mwa mzere) kapena safety, ngakhale akhale wabwino chotani, amayenera kukhala wapadera kwambiri kuti atengedwe koyambirira, ngati mmene Colts inachitira ndi Quenton Nelson wa ku Notre Dame pa nambala 6 mu 2018. Apa ndi pamene pali gawo lalikulu la yankho la funso lanu lija loti katswiri wa ku koleji amachedweranji.

Chinthu china chimene mikangano ya kuntchito imaiwala ndi kumene mnyamata wagwera. Timu imene yachita zoipa kwambiri ndi imene imasankha koyamba, ndiye wosewera wabwino kwambiri amapita kumene zinthu zavunda kwambiri. David Carr anatengedwa pa nambala 1 mu 2002 ndi Houston Texans, timu yatsopano yopanda omuteteza, ndipo chaka choyamba anagwetsedwa ka 76. Munthu wogundidwa choncho amaphunzira kuyang'ana omugunda m'malo moyang'ana omuponyera. Mahomes, amene ambiri ankakayikira kuti kasewero ka ku Texas Tech sikangagwire mu NFL, anagwera m'manja mwa Andy Reid ku Kansas City, anakhala pabenchi kumbuyo kwa Alex Smith pafupifupi sizoni yonse, ndipo mu 2018 anaponya ma touchdown 50. Luso anali nalo, palibe angatsutse, koma anapezanso mphunzitsi ndi nthawi. Sam Darnold, amene anaoneka wolephera ku New York Jets atatengedwa pa nambala 3 mu 2018, anapambana masewera 14 ndi Minnesota Vikings mu 2024.

Ngakhale ndi madokotala, ma scout ndi makompyuta onsewa, matimu amaphonya kwambiri. Akatswiri awiri a zachuma, Cade Massey ndi Richard Thaler, anafufuza ma draft a zaka zambiri ndipo anapeza kuti mwayi woti wosewera akhale wabwino kuposa wotsatira wake wosewera malo omwewo ndi pafupifupi 52 pa 100. Anapezanso kuti matimu amalipira mopitirira muyeso akafuna kukwera pamwamba. N'chifukwa chake ine ndimalemekeza timu imene imatsika pang'ono n'kusonkhanitsa ma pick ambiri, pokhapokha ngati ikukwerera quarterback amene yamufufuza mokwanira. Joe Montana wanu wa ku Notre Dame anatengedwa pa nambala 82 mu 1979. Tom Brady pa nambala 199 mu 2000, ma quarterback asanu ndi mmodzi atatengedwa kale.

Kwa inu woonera, bambo, njira ndi yosavuta ngakhale imadya nthawi. Musayambe ndi makanema a zowala zokhazokha, chifukwa aliyense amaoneka katswiri pa mphindi zinayi zosankhidwa. Sankhani mnyamata mmodzi, mupeze masewera ake atatu athunthu, awiri olimbana ndi matimu amphamvu ndi limodzi limene zinamuvuta, ndipo muziyang'ana iye yekha ngakhale mpira uli kwina. Onani zimene amachita sewero likamapita mbali ina, komanso mu kota yachinayi timu yake ikugonja. Funsaninso zaka zake, popeza mnyamata wa zaka 20 amene akugonjetsa a zaka 23 ali ndi pokulira, pamene wa zaka 24 amene wayamba kuwala chaka chomaliza mwina akungopambana ana. Mukatero lembani maganizo anu musanaone manambala a ku Combine kapena kuwerenga ma mock draft. Ma mock draft amalosera zimene matimu achite, ndipo m'masabata omaliza matimu ena amatulutsa mphekesera mwadala kuti asocheretse anzawo. Mamalikisi amene olemba amapereka m'mawa wotsatira draft nawonso musawatengere pamtima, chifukwa zimatenga zaka zitatu kuti gulu la osankhidwa lidziwike bwino.

Ndipo tsiku lachitatu la draft, lomwe ndi Loweruka, pamene akusankha raundi 4 mpaka 7 anthu ambiri atatopa kale, musazimitse TV. Kumeneko ndi kumene ntchito ya ma scout oyenda m'madera imaonekera, pa anyamata amene anali ndi vuto limodzi looneka, kaya kuvulala kaya kuchedwa pa wotchi, koma kanema wawo anali wabwino. Puka Nacua wa ku BYU anatengedwa ndi Los Angeles Rams m'raundi yachisanu mu 2023, pa nambala 177, ndipo chaka chomwecho anawakha mipira 105 ya mayadi 1,486.